Konkire ya Abednego Ngoma Yasweka

Abednego Ngoma ankanena poyera, pamaliro ndi paukwati pomwe, kuti konkire yake siisweka. Anaithira ku Ndola. Anaithira ku Tete, kumene dzuwa limakazinga buluzi ali moyo. Anaithira ku Beira madzi amchere akumunyambita m'mapazi, ndipo ku Joni ankati kuli khomo la fakitale limene malole amaponda usana ndi usiku koma mng'alu silinauonepo. Ndani akanamutsutsa? Munthuyu anachoka ku komboni ya Nabvutika ndi fosholo yobwereka, n'kubwerako ndi kalole kakekake, makina osakanizira konkire, ndi mimba yoyenera kupatsidwa mpando.

"Ikadzasweka," ankatero akudziguguda pachifuwa, "mudzadziwe kuti muli mbala m'kati mwake. Ndipo mbalayo ndidzaitulutsa ndekha, apolisi asanamange n'komwe zingwe za nsapato."

Inasweka Lachiwiri m'mawa.

Chaka chimenecho msewu wa pakati pa masitolo, wotsikira ku msika, unkamangidwanso. Kampani yaikulu inatenga za phula. Abednego anapatsidwa njira za anthu oyenda pansi za mbali zonse ziwiri, zimene a m'tauni amangoti pevumenti. Mbali ya kumanzere inali itatsala pang'ono kutha, yosalala, yoyera, anthu akuiyang'ana ngati mkwatibwi. Ndiye bambo wina wa njinga anafika ndi makreti a zakumwa, natsitsira kreti limodzi m'mphepete. Mphepeteyo inanyema ngati chigumu.

Pamene Abednego ankafika, anapeza khamu litazungulira, ndipo pakati pa khamulo panagwada Mayi Thandiwe Zulu, injiniya woyang'anira ntchito yonseyo. Anali mayi wosakonda kukweza mawu. Anatenga kiyi wa galimoto yake, nakanda konkireyo. Mchenga unayoyoka. Anasuntha, nakandanso patsogolo, ndipo unayoyokanso.

"Bambo Ngoma," anatero akupukuta kiyiyo, "iyi si konkire. Uwu ndi mchenga umene unangomva fungo la simenti."

Khamu linaseka. Abednego anatsegula pakamwa kuti atchule za ku Beira, koma anatsekanso.

"Lachisanu ndikapereka ganizo langa," anapitiriza mayiyo. "Ngati mumaumira simenti, mbali inayo tipatsa wina, ndipo ntchito ya boma m'tauni muno simudzaionanso. Ngati akuberani, mubwere naye wakubayo andiuze ndi pakamwa pake. Nkhani zoti akuti akuti sindimva."

Anakwera galimoto n'kupita. Abednego anatola kachidutswa ka konkire, nakafinya ndi zala ziwiri. Kanasanduka ufa.

*

Antchito ake anali m'magulu awiri. La kumtunda ankalitsogolera Enoch, la kumunsi Samson, ndipo onse ankalipidwa malinga ndi kutalika kwa pamene athira. Anayamba ndi Enoch, munthu wowonda amene lilime lake linkathamanga kuposa manja.

"Abwana, pali Mulungu kumwambaku! Thumba limodzi, wilibala ziwiri za mchenga, zitatu za miyala, monga munatiphunzitsira. Ndikaname ndifere pompano. Ana anga asanduke amasiye. Agogo anga adzuke kumanda adzandimenye mbama."

"Asiye agogo ako agone. Simenti inkakukwanira?"

"Kukwanira inkakwanira. Ndiye kuti, masiku ena inkachepa pang'ono, koma tonse tikudziwa chifukwa chake. Yambiri imatsikira kwa Samson. Uja mumamukonda."

"Ikachepa unkatani?"

Enoch anayang'ana kumwamba, ngati yankho lilembedwa pa mitambo. "Tinkayesetsa, abwana."

Samson anali kumunsi, atatsamira fosholo. Ameneyu mawu ankawatulutsa ngati akugula.

"Simenti inkakwanira, Samson?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Enoch."

"Enoch watani?"

"Yambiri imatsala kwa iye."

"Ndiye iwe unkatani?"

Samson analoza mulu wa mchenga ndi chibwano.

Abednego anamvetsa. Gulu lililonse linkaganiza kuti linzake ndilo likudyera, ndipo poopa kutaya malipiro a tsikulo, lililonse linkangowonjezera mchenga kuti lifike pamene likufuna. Amenewa anali opusa, koma sanali mbala. Simenti inkasowa isanafike m'manja mwawo.

Dalaivala wa kalole, Blessings Miti, anali atangofika ndi mchenga. Anali mnyamata wa zaka za m'ma twente, wa malaya osita, woimba kwaya ku tchalitchi, amene polankhula ndi abwana ankaika manja kumbuyo.

"Ine ndimanyamula zimene asisi a Millicent andipatsa ku yadi, bwana. Ndimatsitsa ena kwa a Enoch, ena kwa a Samson. Kenaka ndimapita kukatenga mchenga kumtsinje, cha ku Madzimoyo. Mukafunse okumba mchenga, adzakuuzani kuti ndimafika galimoto ili mbee. Madzulo ndimatolera matumba opanda kanthu n'kuwabwezera ku yadi. Sanasowepo ngakhale limodzi."

Abednego anaimbira foni mkulu wa okumba mchenga. Mkuluyo anavomereza kuti kalole kamafika kopanda kanthu, tenti yokha yophimbira katundu.

Panatsala munthu mmodzi, Millicent woyang'anira simenti ku yadi, ndipo ameneyo anali mwana wa malemu mlongo wa Abednego.

*

Yadi inali ku Kapata, kuseri kwa nyumba ya Abednego: mpanda wa njerwa, kontena ya simenti, ndi kashedi ka malata. Lamulo la pamenepo analitenga kwa Mpwitikizi wina ku Tete, ndipo ankalinyadira ngati analipeka yekha. Thumba lililonse lotuluka ndi simenti liyenera kubwerera lopanda kanthu. Wogulitsa thumba panjira agwidwa madzulo omwewo, chifukwa chikopa chake sichioneka.

Millicent anali pampando pakhomo pa kontena, foni yatsopano m'manja, tsitsi latsopano kumutu. Abednego anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Ankolo, musaiyang'ane choncho. Anandigulira chibwenzi changa, ndipo risiti ilipo ngati mukuifuna."

"Sindinafunse."

"Maso anu afunsa. Ine ndakhala pano kuyambira Juni, fumbi lokhalokha, sikini yanga yatha, ndiye lero ndasanduka wakuba? Ndikatulutsa sate, madzulo amabwera sate. Ndikatulutsa fote, amabwera fote. Kawerengeni nokha, ali uko."

Matumbawo anali m'kashedi, omangidwa m'mitolo. Abednego anavula jekete, nalipachika pa msomali, n'kudula chingwe cha mtolo woyamba. Fumbi linabuka. Thumba lapamwamba linali long'ambika pamimba, lachiwiri chimodzimodzi. Ndi mmene athira konkire amatsegulira kulikonse kumene iye anayendako: amaligwetsa pa mulu wa mchenga, kulibaya ndi fosholo pakati, kulikweza mbali zonse ziwiri, basi. Palibe wa ganyu amene ali ndi nthawi yonyengerera thumba.

Chapakati pa mtolowo dzanja lake linaima.

Thumba ili linalibe bala. Linatsegulidwa kukamwa, ulusi wosokera utasomoledwa bwinobwino kuchokera ku ngodya mpaka ku ngodya. Kunja linapakidwa fumbi, koma atalitembenuza anapeza m'kati muli moyera ngati m'mbale. Analinunkhiza. Simenti sinamveke. Munamveka madzi a pachitsime ndi dzuwa.

"Millicent, bwera kuno. Ichi n'chiyani?"

Mtsikanayo anabwera ataphimba mphuno. "Thumba."

"Lochapa."

"Lochapa? Ndani angachape thumba la simenti? Wamisala?"

"Sunaonepo?"

"Ankolo, ine ndimawerenga ngodya ndi kamtengo. Mukufuna ndizilowetsa mutu m'kati? Ndi zikhadabo izi?"

Anayang'ana zikhadabozo. Zinali zazitali, zofiirira, zokhala ndi timiyala tonyezimira. Zimenezo sizikanasomola ulusi ngakhale utazipempha. Anamasula mitolo yonse mpaka dzuwa linapendeka, ndipo pambali panaunjikana matumba 36 amoyo, onse obisidwa pakati pa ong'ambika.

Anakhala pansi pa njerwa, thukuta likutsika. Nkhani inayamba kuoneka. Wina ankapatutsa matumba odzaza, kukawakhuthula kwina, n'kubweza zikopa zake kuti chiwerengero chikwane. Wochenjera ndithu. Koma amene ankakhuthulayo sanali munthu wa konkire. Anali munthu amene kwa iye thumba ndi chuma, loti mawa mulowa mtedza kapena thonje.

"Usauze munthu," anatero.

"Ndiye ndine wosalakwa?"

"Ndiwe waulesi. Koma ulesi sapita nawo kupolisi."

*

Lachitatu anabwerera ku msewu. Anafuna munthu amene amaona zonse popanda kutumidwa, ndipo munthu wotero analipo. Mayi Olipa Sakala ankagulitsa mapoto ndi mabeseni m'sitolo ya pangodya. Kuyambira pamene anakumba ngalande pakhomo pake, ogula anasiya kulowa, ndipo iye ankangokhala pakhonde kuwerengera anthu zolakwa. Anakulira limodzi ndi Abednego ku Nabvutika, choncho kukhala kwake bwana sikunkamuopsa.

"Abedi wa fosholo! Bwera, ponda bwino, pevumenti yako ingakumeze."

"Mwadzuka bwanji, Olipa?"

"Ndadzuka wosauka. Miyezi yonseyi makasitomala anga akudumpha dzenje ngati achule, ndiye mwandipangira njira yoti nkhuku ikapalasa ipeza chimanga. Ku Joni kuja unkamanga chonchi?"

"Ndikufuna maso ako."

"Maso anga sagwira ganyu yaulere. Gula beseni."

Anagula beseni. Olipa analowetsa ndalama m'chitenje, nakhala bwino.

"Anyamata ako saba. Alibe nzeru zake. Enoch amangoba nthawi, Samson amaba tulo."

"Nanga kalole?"

"Kalole kako ndiko kandidwalitsa mutu. Waona chitsulo icho anayala pa ngalande kuti magalimoto aziwoloka? Kakamapita ku mchenga kopanda katundu, mnyamata uja amakathamangitsa, chitsulo n'kulira ngati belu la Pasaka. Mapoto anga onse amavina pa shelefu. Tsiku lina chivundikiro chinandigwera pamutu."

"Masiku onse?"

Olipa anapendeketsa mutu. "Ayi. Ndiye wandikumbutsa. Masiku ena kamadutsa mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati mkamwini akudutsa pakhomo pa apongozi. Ndinkati mwina mnyamatayo walapa."

"Kumbuyo kumakhala chiyani masiku amenewo?"

"Palibe. Tenti ija basi, yopindidwa kuseri kwa mutu wa galimoto." Anasendera pafupi. "Koma tenti yake imanenepa ndi kuwonda, Abedi. Lero yaonda, mawa yadya."

Abednego anaimirira, beseni m'khwapa. Aliyense amayang'ana galimoto yodzaza. Yopita kukatenga katundu palibe amaiyang'ana.

"Ndiye wapeza chiyani?" anafunsa Olipa. "Usachoke nazo, ndiuzeko!"

"Gula kaye konkire," anatero, n'kuwoloka dzenje.

*

Lachinayi m'mawa Blessings atatsitsa simenti, anapeza abwana atakhala kale kutsogolo kwa kalole, chipewa pabondo.

"Lero ndikuperekeza. Ndikufuna ndikaone mchenga umene wandichititsa manyazi."

"Chabwino, bwana."

Anatuluka m'tauni, nalowa msewu wa ku Lusaka, akulambalala njinga zonyamula makala ndi mbuzi. Mapiri anatsalira kumbuyo. Abednego anali wosangalala kwambiri. Anasimba za sitima imene anaiona ku Beira, yaitali kuposa msewu wonse wa masitolo. Anasimba za Mgiriki wina wa ku Ndola amene ankalawa konkire ndi lilime. Blessings ankaseka pamene payenera kusekedwa, manja onse awiri ali pa chiwongolero.

"Iwe kwanu n'kuno, eti?"

"Inde, bwana. Chakutsogoloku pang'ono."

"Atate ali moyo?"

"Alipo."

"Alimi?"

"Chimanga, mtedza, ndi thonje pang'ono."

"Anthu abwino. Anthu osataya kanthu." Abednego anayang'ana kunja. "Khota tikawapatse moni."

Kalole kanagwedezeka. "Bwana, okumba mchenga akutidikira. Komanso atate nthawi ino amakhala kudimba."

"Tikawadikira. Munthu sadutsa kwawo ngati wathawa ngongole. Khota."

Blessings anakhota. Njira yafumbi inadutsa m'minda yokolola kale, mapesi ataunjikidwa, mpaka inafika pa mudzi wa nyumba zowerengeka. Pakati pa nyumba zaudzu panaima imodzi ya njerwa zowotcha, ya malata atsopano, khoma lakutsogolo lopakidwa pulasitala mpaka pa zenera. Pambali pake, pa chingwe chomangidwa pakati pa mango ndi nkhokwe, panayanikidwa zochapa: chitenje, malaya a sukulu, ndi matumba a simenti asanu ndi limodzi, oyera, akuuluzika ndi mphepo.

Blessings anazimitsa injini. Sanatsike.

*

Anatuluka bambo wamtali wa imvi, korona m'khosi, akupukuta manja pa buluku. Atamva kuti mlendoyo ndani, anavula chipewa n'kugwira dzanja la Abednego ndi manja awiri.

"Yosefina! Tulutsa mpando uja! Abwana a Blessings afika okha! Ine ndine Alfonsi Miti, bwana. Mwatichititsa manyazi. Ife ndife tinayenera kubwera kwa inu."

Mayi Yosefina anabwera ndi mpando, nagwada, napereka moni. Anthu a nyumba zina anayamba kusuzumira. Abednego anakhala, beseni la madzi osamba m'manja linabwera, mtedza wokazinga unabwera. Blessings anatsika pomaliza n'kukaima pafupi ndi tayala.

"Nyumba yabwino," anatero Abednego.

"Ndi yanu, bwana. Njerwa tinawotcha tokha zaka zitatu zapitazo, malata tinagula ndi thonje, koma simenti inatikanika. Ndiye mwana anabwera ndi uthenga wanu, kuti mwatikongoza, muzidula pang'onopang'ono pa malipiro ake. Tinakuperekerani Misa. Dzina lanu linatchulidwa pa guwa."

"Linatchulidwa?"

"Kawiri."

Abednego anatafuna mtedza. "Ndingaone m'kati?"

Analowa. Pansi panali posalala, pakuda bii, pozizira. Anagwada, ngakhale kuti mimba inkatsutsa, nagogoda ndi mphete yake. Panalira ngati chitsulo. Anatulutsa kiyi, nakanda monga anachitira injiniya uja, ndipo kiyiyo anangoterera. Anatsala pang'ono kuseka. Konkire yake inali pano, yonse, yosasweka, m'chipinda cha mlimi wa ku Madzimoyo.

"Anathira ndani?"

"Ndekha, ndi mlamu wanga. Mwana anatiuza muyeso wanu, wilibala ziwiri ndi zitatu. Sitinaphonye. Tinathirira madzi m'mawa ndi madzulo mpaka inakhwima."

Atatuluka, Abednego analoza chingwe chija. "Nanga awo?"

Nkhope ya Alfonsi inawala. "Amenewo ndi omaliza, mutenge lero lomwe. Mwana anati abwana akufuna matumba awo abwerere. Ndiye anati tiziwabaya pamimba ndi fosholo. Ndinati iwe, sukulu inakuwononga? Thumba lamoyo, la eni ake, ulibaye? Chinthu ukabwereka umabweza chili bwino kuposa mmene chinabwerera. Ndimasomola ulusi ndekha ndi singano ya matumba, amake amachapa. Mwina mwaona kusiyana kwake."

"Ndaona," anatero Abednego. "Ndaona kwambiri."

Anatembenukira ku kalole. "Blessings, bwera kuno. Uwauze atate ako. Kapena ndiwauze ine?"

Mnyamatayo anabwera ngati akuyenda m'matope. Anagwada, osati patsogolo pa abwana koma patsogolo pa atate ake, nalankhula motsitsa. Ananena kuti panalibe ngongole. Ananena za tenti, za masiku amene ankadutsira pamudzi asanafike kumtsinje, za pevumenti imene yasweka m'tauni. Mayi Yosefina anaphimba pakamwa ndi chitenje. Osuzumira aja anabwerera m'nyumba zawo mmodzimmodzi.

Alfonsi sanakuwe. Anayang'ana nyumba yake kuyambira pa maziko mpaka pa malata.

"Tagonamo kale," anatero. "Ansembe anaidalitsa."



"Chinthu chimodzi sindikumvetsa," anatero Abednego kwa mnyamatayo, mwa chidwi cha mmisiri. "Unaganiza zonse. Magulu awiri, tenti, chiwerengero. Unawapaka ngakhale fumbi. Fosholo inali m'galimoto. Bwanji sunangowang'amba wekha panjira?"

Blessings anayang'ana pansi. "Ndinayesa, bwana. Dzanja linakana. Ndinkati asisi a Millicent akawawerenga, ndidzawapemphe. Mtedza wa chaka chino unalibe mosungira."

Abednego anapukusa mutu. Anayenda maiko atatu, anaberedwa ndi akatswiri, koma mbala yomvera chisoni thumba anali asanaionepo.

"Bambo Miti, mawa injiniya akufuna wakuba alankhule ndi pakamwa pake. Akapanda kutero, wakubayo ndine."

Alfonsi anavala chipewa. "Adzalankhula. Ndibwera naye ndekha. Musiyeni agone kuno."

"Akathawa? Malire ali pafupi."

"Akathawa ndidzabwera ine. M'nyumbamo ndimagona ndine."

Abednego anayendetsa yekha kalole pobwerera, matumba asanu ndi limodzi aja ali pampando wa pambali, opindidwa bwino. Mayi Yosefina anakana kuti apite osapindidwa.

*

Lachisanu Mayi Zulu anafika pangodya ya sitolo ya Olipa nthawi ya ntchito itangoyamba. Abednego anali atayala pansi matumba awiri, long'ambika ndi lochapa. Enoch ndi Samson anaima pambali, zipewa m'manja. Olipa anatulutsa mpando wake kuti asaphonye kanthu.

"Wakuba uja ali kuti, Bambo Ngoma?"

"Akubwera."

Mayiyo anayang'ana wotchi. Njinga zinadutsa. Makina a phula anayamba kulira kumtunda. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Abednego analibe nkhani yosimba.

"Abedi," ananong'oneza Olipa mokweza, "kapena mbalame yako yawolokera ku Mchinji."

Kenaka anawaona akukwera kuchokera ku msika, Alfonsi patsogolo atavala jekete la Lamlungu, mwana wake pambuyo. Anaima patsogolo pa injiniya. Bamboyo anavula chipewa, nakankha mwanayo pamsana ndi chala chimodzi.

Blessings ananena zonse, osasiyako. Mayi Zulu anafunsa mafunso ochepa, natembenuza thumba lochapa lija, nalinunkhiza. Kenaka anayang'ana Enoch ndi Samson.

"Inu munaona kuti simenti yachepa, ndiye munathirabe?"

"Mayi, pali Mulungu kumwambaku..." anayamba Enoch.

"Tinathira," anatero Samson.

"Chabwino. Bambo Ngoma, muphwanye kuyambira pano mpaka pangodya ya kumunsi, muthirenso ndi ndalama zanu. Ndidzabwera ndi kiyi wanga. Mbali inayo ikadali yanu. Ndipo muyambe kuwerenga matumba pamene akutsika, osati zikopa zokha."

"Ndinali nditaganiza kale zimenezo," anatero Abednego, mawu ake atabwerera. "Ku Ndola tinkachita choncho."

"Za apolisi ndi zanu," anatero mayiyo, n'kupita.

Onse anayang'ana Abednego. Iye anayang'ana pevumenti yovundayo, utali wake wonse, dzuwa likuiwotcha. Anapita ku kalole, natulutsa nyundo yaikulu yophwanyira miyala, naiika pa mapazi a Blessings.

"Kundende ukangodya nyemba zaulere. Makiyi a galimoto sudzawagwiranso. Uyambire apa. Enoch ndi Samson azikutolera zidutswa, ndipo pamenepa palibe wolipidwa."

Nyundo inagwa koyamba. Konkire inaphwasuka mosavuta, ndipo Olipa anaombera m'manja.

Alfonsi anadikira mpaka anthu atachepa. Anapempha Olipa kuti abwereke tebulo lake, natulutsa m'jekete mpango womanga mfundo ziwiri.

"Ndafunsa m'masitolo atatu, bwana. Thumba ndi K175. Anali 42."

"Bambo Miti, inu simunabe kanthu. Mwapeza kuti ndalama usiku umodzi?"

"Ng'ombe. A butchala anabwera dzulo madzulo."

"Yolimira?"

"Inayo yatsala. Ndidzaiphatikiza ndi ya mlamu wanga, tizilima mosinthana."

Anayala ndalamazo patebulo, akunyowetsa chala, akusalaza pepala lililonse. Kumbuyo kwawo nyundo inkagwabe. Abednego anapatula mapepala angapo, nawakankhira kwa mkuluyo.

"Izi mukwerere basi."

Alfonsi anawabwezera pa mulu ndi chala chomwe chija.

"Ya basi ndili nayo. Werengani, bwana, mayi awa aone."

Abednego anawerenga. Zinali K7,350, osachepa ngwee.